Kodi thendo kwenikweni nchiyani?

Akuluakulu, makamaka amayi a kwathu ku Mchinji ndi Kasungu, ndithandizeni. Kodi mawu oti thendo amatanthauza ndiwo zonse zothira nsinjiro, kapena msuzi wa nsinjiro wokhawo?

Agogo anga a ku Mkanda akaphika nkhwani wotendera, amati "ndaphika thendo". Amayamba awiritsa masamba ndi tomato, kenaka nkuwaza nsinjiro pamwamba osatakasa msanga, kudikira iyambe yabwata kuti isamveke chiwisi. Koma apongozi anga a kwa Santhe akuti ayi, limenelo ndi masamba otendera basi. Kwa iwo thendo ndi nsinjiro yophika payokha ndi madzi, mchere ndi tomato, ija timadyera nsima ndiwo zikasowa.

Ndiye pali futali. Mbatata, chinangwa kapena maungu nazo timathira nsinjiro, koma sindinamvepo wina akuzitchula thendo. Kodi nchifukwa choti sizidyedwa ndi nsima? Nanga mfutso kapena bowa wouma wotendera, naye ndi thendo?

Ndikufunsa chifukwa ana anga akukulira mtauni, ndipo chilichonse chamadzimadzi amangoti supu. Ndikufuna kuwauza zoona. Kwanuko mumati chiyani?