Ndikufufuza mzungu amene anabereka agogo anga ku Mulanje

Moni nonse abale ndi alongo. Ndathedwa nzeru, ndithandizeni.

Agogo anga aakazi, malemu, ankatiuza kuti bambo awo anali Mngelezi wamalonda amene analowera ku doko la Chinde ku Mozambique, n'kukwera sitima mu Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo, dziko lino lisanatchedwe Nyasaland mu 1907. Akuti anayamba wagwira ntchito ku Mandala, kampani ya African Lakes Corporation, kenako anatsegula sitolo yake ku Mulanje. Vuto ndi dzina. Kumudzi ankamuitana dzina lachichewa, ndipo lachizungulo agogo ankalitchula mwakwathu, moti kalembedwe kake ndikungoganizira. Ukwati wa mzunguyo ndi mayi a agogo sunali wa kutchalitchi, choncho m'kaundula wa ubatizo mwalembedwa mayi okha, zomwe zimandiwawa ndithu.

Ndafunsa akuluakulu a kumudzi, ndawerenga magazeti akale ku National Archives ku Zomba, ndayesanso FreeBMD (tsamba la pa intaneti la mayina a obadwa, okwatira ndi omwalira ku England ndi Wales) ndi kalembedwe katatu, koma osaphula kanthu.

Kodi mabuku a antchito a African Lakes Corporation ndingawapeze kuti, ku Mandala House kapena ku Glasgow? Nanga alipo ali ku London amene angandionereko ku Kew, komwe kuli National Archives ya ku Britain, mndandanda wa okwera sitima zochoka ku Britain kuyambira 1890? Dzinalo ndikutumizirani kumbali.