Ndithandizeni maganizo: voucher ya ku Indiana, ana ndiwachotse pa sukulu ya boma?

Moni nonse pa gulu pano. A admin, chonde mundibisire dzina. Ndimakhala ku South Bend, Indiana, ndipo ndili ndi ana awiri, wamkulu ali Grade 6, wamng'ono Grade 2, onse pa sukulu ya boma. Bambo awo akakamira kuti chaka chamawa tiwapititse ku sukulu ya mpingo, akuti boma ndilo lilipire. Amva kutchalitchi kuti bajeti imene Governor Mike Braun anasaina mu 2025 yachotsa malire a malipiro a makolo pa Choice Scholarship, voucher imene boma limathandizira nayo kulipira fizi ya sukulu za private, kuyambira chaka cha sukulu cha 2026-27, ndiye aliyense atha kutenga voucher, kaya amalandira zingati.

Wamkuluyo sindikumudera nkhawa, kulikonse angapite akakhoza. Mtima wanga uli pa wamng'onoyu. Anachedwa kuyankhula, ali ndi IEP (pulani ya chithandizo chapadera imene sukulu imalembera mwana), ndipo kawiri pa sabata amamutenga m'kalasi kukamuphunzitsa kayankhulidwe. Pano wayamba kukweza dzanja m'kalasi, mwana amene kale ankabisala kumbuyo kwa chikwama. China ndi basi. Ine ndimagwira usiku, ndikaweruka ndimaima pakona ndi yunifolomu yanga, ndikawakweza basi yachikasu ija ndiye ndimakagona. Sukulu imene bambo awo akufuna ilibe basi, ndipo iwo amayendetsa thiraki, pakhomo amaoneka Loweruka.

Amene munadutsamo, voucher imeneyi imalipiradi zonse? Nanga IEP imamutsatira mwana?

Mayi a Tadala, Mishawaka: Asisi, choyamba, mwina munali oyenera kale. Mu 2023 anakweza malire kufika pafupifupi $220,000 pachaka pa banja la anthu anayi, ndiye lamulo latsopanoli lathandiza kwambiri olemera, ife tinali m'kati kalekale. Koma zoti boma lilipira zonse, auzeni bambo a kunyumba adekhe. Boma limapereka 90% ya ndalama imene likanapereka ku district yanu pa mwanayo, kapena fizi ya sukuluyo, limaona chochepa pa ziwirizi. Nthawi zambiri imagwera cha m'ma $6,000. Zili ngati makuponi a feteleza aja, kuponi uli nayo m'manja koma powombola thumba uwonjezerapo yako. Ku pulayimale za mpingo chotsala chimakhala chochepa, ku high school n'kumene anthu amalira. Ndiye pali yunifolomu, maulendo, zamasewera, ndi ma fundraiser osatha. Ndalamayo simuigwira, imapita kusukulu, inu mumangosaina. Fomu amatumiza ndi a sukulu akamulandira mwana, tsiku lomaliza ndi 1 September, koma malo amatha kale isanafike nthawi imeneyo.

Nabanda: Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ya boma, ndiye mudziwiretu mbali imene ndaima. Achemwali, IEP ndi ufulu umene lamulo la IDEA limapatsa mwana pa sukulu ya boma. Mukamutulutsa, ufuluwo supita naye wonse. Kuno ku Indiana amakusankhitsani: chithandizo chizichokerabe ku district, chomwe chimakhala chochepa poyerekeza ndi chimene akulandira panopa, kapena sukulu ya private ilembe pulani yake yotchedwa CSEP. Musanasaine kanthu, funsani mafunso atatu maso ndi maso: wophunzitsa kayankhulidwe ndi wolembedwa pasukulupo kapena amangobwera? Mphindi zingati pa sabata? Angakulembereni papepala? Akayamba zoti "tidzaona akabwera", nyamulani chikwama. Dziwaninso kuti sukulu ya private ili ndi ufulu wokana mwana ngakhale voucher ali nayo.

Za makhozedwe, kafukufuku wa 2018 wa akatswiri a ku Notre Dame ndi University of Kentucky anapeza kuti ana a ku Indiana amene anasamuka ndi voucher anatsika pa masamu, pa Chingerezi panalibe kusintha. Ndipo mwana aliyense akachoka ndalama imachoka naye, pomwe denga ndi magetsi a sukulu sizichepa mtengo. Chaka cha 2023-24 ana opitirira 70,000 anali pa voucher, boma linawononga pafupifupi $439 miliyoni, ndipo oposa theka la anawo sanaphunzirepo pa sukulu ya boma. Clay High School, sukulu ya boma ya ku South Bend, inatsekedwa mu 2024 ana atachepa. Sindikuti ndi voucher yokha, koma ilimo.

Bambo Phiri, Niles: A Nabanda, mayiwa afunsa za ana awo, osati za bajeti ya district. Msonkho amadula nawonso, bwanji asasankhe? Pulogalamuyi inayamba mu 2011 nthawi ya Governor Mitch Daniels, anthu anakaisumira, khoti lalikulu la Indiana mu 2013 linati ilibe vuto. Ife a ku Michigan timangosirira, malamulo a state yathu amaletsa ndalama za boma kupita ku private, moti anga ndimalipira ndekha pa sukulu ya Adventist. Mayi, musadzasamukire mbali ino mukuwerengera voucher, imafuna wokhala ku Indiana.

Nabanda: Sindinawaletse, bambo. Ndati afunse kaye za mwana wamng'onoyo.

Chimwemwe wa ku Area 25: Koma abale, boma kumulipirira mwana private? Ife kuno fizi tikusaka ndi katapila.

Mayi a Tadala, Mishawaka: Ndinaiwala za basi. Ife timasinthana ndi mabanja ena awiri, koma nthawi ya chisanu wina galimoto ikakana kulira m'mawa, foni imalira kwa iwe. Inu ogwira usiku muganizepo bwino. Palibenso lamulo loti ana onse apite limodzi, voucher ndi ya mwana aliyense payekha.

Mwini funso: Zikomo nonse. Zoti nditha kusamutsa wamkulu yekha zandimasula. Wamng'ono akhale kaye pomwe ali mpaka ndione pepala limene a Nabanda anena. Lolemba ndikuimbira sukulu ija. Mayi a Tadala, ndakulemberani ku inbox, ndikufuna ndidziwe ngati m'galimoto mwanu muli malo a mwana mmodzi m'mawa, ine ndizikawatenga masana.