Mentimeter ya kalasi ya anthu 200: tigule kapena tisiye?

Mphunzitsi wa sayansi, Chipata
Aphunzitsi anzanga, dipatimenti ikufuna kulipira Mentimeter ya chaka chonse kuti ophunzira aziyankha mafunso pafoni phunziro lili mkati. Kalasi ndi ya anthu 200, ndalama ichoka pa bajeti ya mabuku. Tigule?

Wa makompyuta, Katete
Musanatulutse ngwee, yambani mwayang'ana holoyo. Chimavuta ndi mafoni 200 kulowa nthawi imodzi. Ka MiFi kamanyamula mafoni 10 kapena kuposerapo pang'ono, rauta ya kunyumba ikafika m'ma 30 imayamba kutsamwa. Holo yotere ifuna ma access point (zida zofalitsa Wi-Fi) atatu kapena anayi olumikizidwa ndi waya. Chinanso, rauta zambiri zimagawa maadiresi a IP (nambala imene foni iliyonse imapatsidwa ikalowa pa Wi-Fi) osapitirira 254, ndipo foni ikachoka adiresi yake siimasuka msanga. Kalasi ya m'mawa ikawatha, ya masana imaona Wi-Fi ikuwala koma tsamba osatseguka. Tsitsani lease time (nthawi imene rauta imasungira foni adiresi) ifike ola limodzi. Malaiti akapita, rauta ndi projekita zonse zii, ndiye inverter muiwerengere pamtengo womwewo.

Mayi wa masamu, Petauke
Ine ndikuti musagule. Ya ulere ya Mentimeter imalola anthu 50 okha pamwezi, inzake yotchedwa Slido ya ulere anthu 100, koma Google Forms ingatenge kalasi yonseyo osalipira. Lembani funso la mayankho anayi, sandutsani linki kukhala QR code, ionetseni pakhoma, mayankho muwaonere pa Responses. Komanso Mentimeter salipira ndi mobile money ayi, imafuna khadi ya ku banki ndi ndalama yakunja, ndipo chaka chikatha imadzidulira yokha mukaiwala kuimitsa.

Mphunzitsi wa unamwino, Chipata
Amayi, pamenepo ndikutsutsaniko. Forms ndi yabwino pa funso limodzi. Mafunso asanu ndiye ma QR asanu, ndipo a kumbuyo kamera zawo siziwerenga. Pa Mentimeter wophunzira amalowa kamodzi pa menti.com ndi nambala imodzi, funso limasintha lokha pafoni yake mphunzitsi akapita patsogolo. Wolipira ndi mphunzitsi yekha. Laisensi imodzi, osati 200.

Mayi wa masamu, Petauke
Nanga bandulo agula ndani, aphunzitsi? Ndiye wa kafoni ka mabatani wochokera ku Chadiza akhale wongopenya?

Wa makompyuta, Katete
Bandulo siidyeka kwambiri, ndi malemba chabe. Za mabatanizo mukunena zoona. Plickers imathandizapo: wophunzira amakweza khadi yosindikiza, mbali ya A, B, C kapena D kumwamba, mphunzitsi n'kuzunguliza kamera ya foni yake. Koma makhadi ake amathera pa 63, ndipo mukawamata pulasitiki yonyezimira kamera imalephera. Pa 200, akhale atatuatatu, foni imodzi, yankho limodzi.

Mkulu wa maphunziro a uphunzitsi, Lundazi
Nonse mukukangana za khasu, munda simunauone. Njira yoti ophunzira azivota pa mafunso m'kalasi anaitchukitsa Eric Mazur wa ku Harvard m'ma 1990, ndipo mphamvu yake ili pa kuvota kawiri. Funsani, aliyense ayankhe payekha mphindi imodzi, tchati cha mayankho musaonetse. Okhoza akakhala pakati pa 30 ndi 70 peresenti, aliyense akope mnzake woyankha zosiyana kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, avotenso. Akaposa 70, fotokozani mwachidule mupitirire. Akachepera 30, phunzitsaninso. Mukaonetsa tchati msanga onse amathamangira kumene kwachuluka anthu. Mayankho olakwika muwatenge m'mapepala a mayeso a chaka chatha, ndi amene amakola. Mafunso atatu pa ola akwana. Ndipo musamaitanire maina pamenepo, nambala ija amatumizirana pa WhatsApp, wina n'kuvota ali pabedi ku hositelo.

Mphunzitsi wa sayansi, Chipata
Zikomo akuluakulu. Tiyesa masabata anayi ndi Forms, atatuatatu, tizilemba mafoni amene alowa ndi mphindi zimene zatayika. A ku Katete, ma access point aja akhale kudenga kapena m'makoma?

Wa makompyuta, Katete
Kudenga, motalikirana, pa 5 GHz. Matupi a anthu amatchinga siginolo.