Kodi ndisandutse kaye mafayilo a nyimbo kukhala WAV ndisanayambe kuwakonza?

Ndikupempha thandizo kwa inu amene mumadziwa bwino ntchito yokonza nyimbo pa kompyuta ya kunyumba. Mawu a oimba anajambulidwa pa foni ndipo ali mu M4A, pomwe zida zoimbira ndinazilandira mu MP3 ya 128 kbps, ndipo cholinga changa n'kuziphatikiza mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity kuti zikhale nyimbo imodzi yomveka bwino.

Ndikudziwa kuti MP3 ndi AAC (njira yosungira mawu imene kawirikawiri imagwiritsidwa ntchito mu M4A) zimataya mbali ina ya mawu pofuna kuchepetsa kukula kwa fayilo, komanso kuti kusandutsa MP3 kukhala WAV sikungabweze zomwe zinatayika kale. Chomwe ndikufuna kumvetsa ndi ichi: kodi pali phindu lililonse powasandutsa kaye onse kukhala WAV kapena FLAC (mitundu ya mafayilo yosataya mbali iliyonse ya mawu), kapena ndingowatsegula momwe alili, popeza Audacity imatha kuwerenga M4A mukaikamo pulogalamu yowonjezera ya FFmpeg?

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mafayilo ena ali pa 44.1 kHz pomwe ena ali pa 48 kHz (manambalawa amasonyeza kuti mawu amayezedwa kangati pa sekondi imodzi powajambula). Nyimboyi idzaikidwa pa CD, yomwe imafuna 44.1 kHz ndi 16-bit, koma idzagwiritsidwanso ntchito mu kanema, momwe nthawi zambiri amagwiritsa ntchito 48 kHz. Kodi ndisankhe iti pogwira ntchito yonseyi, ndipo ndisinthe pa gawo liti kuti mawu a oimba asawonongeke?

Ndikufunanso kudziwa ngati n'koyenera kusunga nyimbo yomalizidwa mu WAV ya 24-bit, kenako n'kupanga MP3 ya 320 kbps kuchokera pamenepo.