Thandizeni nzeru: bambo anga anawaika paipi ya mkodzo, tipite ku pulayiveti kapena tidikire?

Wobisa dzina:

Moni nonse pagulu pano. A admin, chonde ndibisireni dzina chifukwa nkhaniyi ndi ya bambo anga ondibereka, ndipo kuno ku Limbuli timadziwana tonse.

Bambo ali ndi zaka 69, anapuma ntchito pa esiteti ya tiyi. Kwa nthawi yaitali akhala akudzukadzuka usiku kukataya madzi, ndipo mayi amati akalowa kuchimbudzi amachedwako, mkodzo umangodontha. Tonse tinkati ndi ukalamba. Mwezi wathawu mkodzo unatsekeratu, pansi pa mchombo panatupa, munthu wamkulu n'kumabuula usiku wonse. Kuchipatala anawaika paipi, mkodzo unatuluka wambiri, mpumulo n'kupezeka pomwepo. Adokotala anati prostate yakula. Anawapatsa mankhwala ndi kalata yokaonana ndi madokotala a opaleshoni ku Blantyre.

Paipi ija ikadali pomwepo. Bambo asiya kutchalitchi, pamaliro sakufikapo, akuti anthu amva fungo. Ine ndine mwana wamkazi, sangandimasukire, zambiri ndimamvera kwa mayi. Achimwene anga ali ku Johannesburg akuti tisadikire mndandanda wa ku boma, tipite ku pulayiveti, iwo atumizako gawo. Amalume akuti tigulitse munda wa chinanazi. Bambo eni ake akukana opaleshoni chifukwa wina anawauza kuti akakuchita umatha mphamvu m'nyumba.

Amene munadutsamo, ku pulayiveti amachita chiyani chosiyana? Tipite kuti? Kodi munda tigulitsedi? Mtima ukundipweteka kuona bambo akudzitsekera m'nyumba.

Namwino wopuma, Chitakale:

Pepa mwanawe. Munda usagulitsidwe kaye, chifukwa panopa simukudziwa chomwe mukukalipira. Prostate ndi kachiwalo ka abambo komwe kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Kakakula kamapana njirayo, ngati munthu waponda paipi yothirira kudimba. Zimachitikira abambo ambiri akapitirira zaka 50, ndipo nthawi zambiri si khansa. Koma mkodzo umatsekekanso ndi zinthu zina: khansa ya prostate, chipsera m'njira ya mkodzo chomwe chimatsala munthu akadwala chinzonono kalekale kapena akavulala, ngakhalenso mwala m'chikhodzodzo. Chilichonse chili ndi chithandizo chake komanso mtengo wake.

Dokotala wabwino, kaya wa boma kaya wa pulayiveti, ayambe wapima. Apime prostate ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi. Bambo awuzidwiretu zimenezi ndi mwamuna mnzawo kuti asakadzidzimuke, sizitenga nthawi. Ayeze mkodzo, ajambule chikhodzodzo ndi impso pa sikani, ayezenso magazi kuti aone ngati impso zikugwira bwino, chifukwa mkodzo ukamatsalira nthawi yaitali umabwerera m'mbuyo n'kuziwononga. Palinso kuyeza magazi kotchedwa PSA. Dziwani kuti PSA imakwera ngati mkodzo unangotsekeka kumene kapena ngati muli matenda m'chikhodzodzo, ndiye ikapezeka yokwera musayambe kulira maliro. Khansa imatsimikizika akatapa kanyama n'kukakapima ku labu.

Wobisa dzina:

Zikomo amayi. M'buku lawo la kuchipatala mwalembedwa tamsulosin. Akumwa, koma akudandaula chizungulire akamadzuka.

Namwino wopuma, Chitakale:

Amatero mankhwala amenewo. Amamasula minofu ya pakhomo pa chikhodzodzo, koma amatsitsakonso BP. Azidzuka pang'onopang'ono, ayambe akhala kaye pamphepete pa bedi. Ngati amamwanso a BP, dokotala adziwe. Ndipo funsani ngati angayese kuchotsa paipi. Munthu akamwa tamsulosin kwa masiku angapo amatha kumuchotsa paipi m'mawa n'kumuyang'anira ngati akutha kukodza yekha. Ena zimatheka ndipo amapitiriza ndi mapilisi okha. Alipo enanso otchedwa finasteride ochepetsa prostate, koma amenewo amatenga miyezi pafupifupi 6 kuti muone kusintha. Piriton komanso mankhwala a chimfine ogula mugolosale asamamwe mwachisawawa, amawonjezera kutsekeka.

Mkulu wa ku Luchenza:

Ine ndinachitidwa opaleshoni imeneyi, ndiye ndilankhule monga bambo. Yanga sanang'ambe pamimba. Anandibaya jakisoni pamsana, analowetsa kachipangizo kudzera njira ya mkodzo n'kupala nyama yomwe inatseka. Amaitchula TURP. Mnzanga wina prostate yake inali yaikulu kwambiri, iyeyo anamung'amba pansi pa mchombo ndipo anakhalitsa m'chipatala kuposa ine.

Za mphamvu m'nyumbazo, kawauzeni bambo anu kuti ine banja ndikuyendetsa. Chimene chinasintha n'chakuti umuna sutulukanso kunja, umabwerera m'chikhodzodzo n'kutuluka ndi mkodzo. Adokotala anandiuziratu. Kwa mnyamata wofuna ana ndi nkhani yaikulu, koma kwa ife a zidzukulu ayi. Alipo ena ochepa omwe mphamvu imachepadi, choncho akafunse okha pamaso pa dokotala. Musakalowe nawo inu m'chipindamo. Apite ndi amalume anuwo kapena mkulu wa mpingo amene amamasukirana naye.

Mnyamata wa ku Muloza:

Bwanji osayamba mwayesa zitsamba? Pamsika pano alipo wina amagulitsa za m'mabotolo, akuti prostate imasungunuka pa sabata ziwiri. Ndilembereni ku inbox.

Admin:

Achimwene, malonda a mankhwala pagulu lino sitilola. Munthu ali ndi paipi, impso zake zili pachiswe, si nthawi yoyeserera zam'mabotolo zosadziwika.

Mayi wa ku Bvumbwe:

Tsikana, ife tinataya ndalama zambiri pa kakiliniki kena ka pulayiveti pomwe amuna anga ankangopatsidwa ma antibiotic ulendo uliwonse, osajambula, osayeza magazi. Mawu oti pulayiveti asakunamizeni. Kiliniki ya pa trading centre ndi chipatala chokhala ndi urologist, dokotala wa njira ya mkodzo ndi ziwalo za abambo, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Madokotala amenewa m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ambiri amapezeka ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Imbani foni ku Mwaiwathu ndi ku Blantyre Adventist, mufunse ngati ali naye, amabwera tsiku liti, ndipo kungoonana naye ndi zingati. Musanyamuke ku Limbuli musanasungitse malo. Dokotala aliyense wovomerezeka amalembetsa ku Medical Council of Malawi, mukakayika mutha kufunsa kumeneko.

Mphunzitsi, Makwasa:

Osaiwalanso zipatala za mishoni. Malamulo kuno ku Thyolo ili ndi madokotala a opaleshoni ndipo imaphunzitsanso ena. Mulanje Mission muli nayo pafupi, mutha kufunsa zoyezayeza zomwe angachite konko. Zipatala za mishonizi, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, ndi zolipira, inde, koma kawirikawiri sizifika pa mitengo ya m'tauni. Kalata ija musaitaye. Pitani nayo ku Queens, bambo alembedwe pa mndandanda, kwinaku mukufufuza za pulayiveti. China sichiletsa chinzake.

Wogwira ntchito ku akaunti, Limbe:

Pa ndalamapo ndithandizeko. Musatengere mtengo womwe wina analipira zaka zapitazo, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu 2023, zinthu za m'chipatala zakwera kangapo. Pemphani kotesheni yolembedwa papepala, ndipo iwonetse chilichonse payekhapayekha: dokotala wa opaleshoni, wogonetsa, thiyeta, bedi pa tsiku, mankhwala, magazi ngati angafunike, kupima kanyama komwe achotse, ndi kubweranso kudzaonedwa. Ambiri amangomva mtengo wa opaleshoni, potuluka n'kupeza bilu yakula. Funsaninso kuti akachedwa kutuluka chifukwa cha vuto, ndalama zimawerengedwa bwanji. Ndipo ngati wina akuganiza zowalembetsa ku MASM, sikimu ya inshulansi ya zachipatala, lero kuti mawa akachitidwe, ma sikimu amakhala ndi nthawi yodikira kwa olowa kumene, afunse bwino asanadalire zimenezo.

Njira yomwe ine ndingatsate ndi iyi: lipirani kuonana ndi katswiri komanso zoyeza, zimenezo achimwene anu angakwanitse okha. Zotsatira zikatuluka ndiye banja likhale pansi pa nkhani ya munda.

Wobisa dzina:

Mayi andiuza dzulo kuti chaka chatha bambo anakodzako magazi kangapo, koma anangokhala chete. Ali anyamata ankakonda kuwedza mu Ruo. Kodi zikugwirizana?

Clinical officer, Thyolo:

Chimenecho mukachinene poyamba penipeni mukakalowa kwa dokotala. Prostate yokula imatha kutulutsa magazi, koma kwathu kuno timaganiziranso likodzo. Tizilombo take timachokera ku nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu, ndipo mazira ake amakhazikika m'chikhodzodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu. Koma likodzo lokhalitsa zaka zambiri limasiya mabala, ndipo limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Munthu wa zaka 69 wokodza magazi asangopatsidwa mapilisi n'kubwerera. Pafunika sikani, ndipo mwina katswiri adzafuna kuona m'kati mwa chikhodzodzo ndi kakamera. Apa ndiye ndikuti musachedwe. Ngati ku boma tsiku lili kutali, kulipira kuti katswiri awaone msanga ndi ndalama yopita pamalo.

Mukadikirabe, paipi isamalidwe. Thumba lizikhala m'munsi mwa chikhodzodzo nthawi zonse, lisagone pansi pa dothi. Azisamba m'manja asanakhuthule, azitsuka polowera paipi ndi madzi ndi sopo tsiku lililonse, azimwa madzi okwanira. Ambiri amasiya kumwa madzi kuti thumba lisadzaze, ndiye m'pamene fungo limakula ndipo paipi imatsekeka. Tsiku losintha paipi lomwe linalembedwa m'buku lisaphonyedwe. Akatentha thupi, akayamba kunjenjemera kapena kubalalika mutu, kapena mkodzo ukasiya kutsikira m'thumba, thamangani kuchipatala chapafupi ngakhale usiku.

Wobisa dzina:

Mulungu akudalitseni nonse. Ndawawerengera amalume zonsezi pafoni ndipo avomera kuperekeza bambo. Mawa ndiimba mafoni ku zipatala mwatchulazi. Koma pa minibasi kuchokera kuno mpaka ku Limbe, thumba lija tichite nalo bwanji? Ndi chimene bambo akuopa kwambiri.

Namwino wopuma, Chitakale:

Akhuthule asanakwere. Funsani ku famasi thumba laling'ono lomangirira pamwendo, limabisika mu thalauza lotakasuka. Paipi imatidwe pantchafu ndi pulasitala kuti isakokeke, ndipo aonetsetse kuti sinapindike akakhala pansi. Lankhulani ndi kondakitala awapatse mpando wakutsogolo. Anyamule madzi akumwa, buku la kuchipatala, kalata ija, ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa.