Mutu unaima pa live coding, ndithandizeni ina isanafike

kachidutswa_js:
Abale moni nonse. Ndakhala ndikulemba code kwa zaka 3 tsopano, makamaka JavaScript ndi React, ku backend ndimayesako ndi Node. Mwezi watha ndinaponya CV ku kampani ina ya mapulogalamu ndipo poyamba zinkayenda bho. Recruiter anandiyimbira pa Google Meet mphindi 20, mafunso ake wamba, mwagwirapo kuti, mukufuna malipiro otani, mungayambe liti. Kenako link ya HackerRank, webusaiti ya mayeso a code, mafunso 2 mphindi 90, ndinadutsa ngakhale pa lachiwiri test case imodzi inakana.

Ndiye inakwana live coding, gawo la intavyu lomwe umalemba code wofunsa akukuyang'ana. Mkulu mmodzi, kamera yoyaka, CoderPad (tsamba lolembapo code tonse tikuona) yotsegula. Funso lake akuti nayi list ya manambala, pezani awiri amene mukawaphatikiza akupereka target, nambala yomwe wakupatsani. Two sum abale!! Funso loti ndalichitapo pa LeetCode, webusaiti yoyesererapo mafunso otere, kangapo konse. Koma mutu unangoima. Ndinakhala duu mphindi ngati 6 ndikungoyang'ana cursor ikuphethira, m'manja thukuta lokhalokha, mkulu uja mpaka anamwa madzi kawiri. Pamapeto ndinalemba ma loop awiri ina mkati mwa inzake, inagwira, koma atandifunsa ngati ndingaifulumizitse ndinangoti kaya. Patatha masiku 4 imelo ija yoti tasankha ena.

Pano kampani ina yandipatsa take-home, ntchito ya mayeso yokachitira kunyumba, akuti ndi ya maola 4, ndipo ndikadutsa kuli live coding Lachinayi sabata yamawa. Inu mumatani kuti mutu usaime? Komanso take-home yi ndiichitedi maola 4 kapena ndiphe weekend yonse kuti ituluke yokongola?

mai_backend:
Achimwene pepani, koma zomwe zinakugwetsani si ma loop awiriwo ayi, ndi kukhala chete kuja. Ine ndimafunsa nawo anthu kuntchito kwathu ndipo intavyu ikatha timalemba zomwe taona, mmene munthu walimvera funso, mmene amaganizira, ngati akumva akapatsidwa hint. Ndiye mukangoti zii mphindi 6 ine ndilemba chani? Sindingaone za m'mutu mwanu.

Funso likangobwera musathamangire kiyibodi. Libwerezeni m'mawu anu, kenako funsani. List yi ndi yosanjidwa kale? Nambala ingabwere kawiri? Mukufuna ndibweze ma index kapena manambalawo? Ngati palibe yankho ndibweze chani? Mafunso amenewa amakugulirani nthawi mtima ukukhazikika, komanso amasintha yankho lenilenilo, chifukwa list ikakhala yosanjidwa mutha kugwiritsa ma pointer awiri, wina kumayambiriro wina kumapeto, nkumawayandikitsa.

Ndipo brute force, kungoyesa nambala iliyonse ndi inzake iliyonse monga munachitira, si tchimo. Mukanangonena mokweza kuti njira yapafupi ndi ma loop awiri koma ndi O(n²), ndiye kuti imachedwa kwambiri list ikakula, ndiyambe nayo kenako tiikonze, ine ndikanakupatsani mapointi pomwepo. Kuchoka apo dzifunseni mokwezanso kuti loop yamkatiyi ikugwira ntchito yanji? Ikungofunafuna nambala imodzi, target kuchotsa nambala yomwe muli nayo. Chofunafuna mwachangu ndi hash map, mosungira momwe mumapeza chinthu osayenda mu list yonse, mu JavaScript ndi Map. Mukuyenda mu list kamodzi, nambala iliyonse mukuona ngati mnzake ali kale mu Map, ngati mulibe mukuiponyamo. Yatsika kufika O(n), kuyenda mu list kamodzi kokha, mwalipira ndi memory basi. Mukuidziwa kale imeneyi, vuto munaizolowera muli nokha kuchipinda opanda wokuyang'anani.

Ndiye masiku atsalawa siyani kuwonjezera mafunso atsopano. Tengani omwe mukuwadziwa, ikani timer mphindi 30, pezani munthu akhale apo akuyang'aneni inu mukuyankhula mpaka kumaliza. Zimachititsa manyazi tsiku loyamba lokha. Ndipo wofunsa akakuponyerani mawu ngati "mwaganizirapo zosunga zomwe mwaona kale?" imeneyo si msampha, akukuthandizani, igwireni.

Musaiwalenso mafunso a khalidwe, ambiri amawapeputsa. Konzekerani nkhani 3 kapena 4 zenizeni, bug yomwe munaibweretsa nokha ku production (pulogalamu yomwe anthu akugwiritsa kale ntchito), tsiku lomwe munasemphana ndi mnzanu pa code review, nkuzifotokoza mwa STAR, zinthu zinali bwanji, ntchito yanu inali yotani, munachita chani, zinatha bwanji. Makampani ena gawo limeneli amalitenga mwamphamvu, ku Amazon ali ndi ma Leadership Principles 16 ndipo pamakhala munthu wina amamutcha Bar Raiser wochokera ku timu ina amene mawu ake amalemera posankha.

Gologolo404:
Amayi anena zoona koma tisanamizane, ofunsa ena nawonso ndi ovuta, amangokhala ngati chipilala osakuyankha olo ufunse, ndiye nthawi zina si iwe wolakwa aise.

Za take-home ine ndinapsa nazo. Kampani ina inandipatsa "ka pulojekiti kakang'ono", ndinagwira masiku 5 usiku ndi usana mpaka ndinaikamo dark mode yomwe sanapemphe nkomwe, nditatumiza anangoti zii mpaka lero, olo imelo yokana. Kuyambira pamenepo akati maola 4 ndimapanga 5 kapena 6 basi. Chita zomwe apempha zigwire bwinobwino, ika ma test angapo pa logic yeniyeniyo, ma commit ang'onoang'ono omveka osati commit imodzi yolembedwa "final", ndiye README, fayilo ya malangizo, ikhale yoti munthu akaitsatira pulojekiti idzuke osavutika. Mu README momwemo lemba zomwe wasiya dala ndi zomwe ukanachita nthawi ikanakhalapo, amakonda zimenezo kuposa ma animation.

China, nthawi zambiri live coding yotsatira imakhala pa code yako yomweyo, amati onjezera filter apa kapena bwanji unasankha useReducer osati useState. Ndiye ngati wakulembera ndi ChatGPT iwe osaiwerenga ugwidwa mphindi 5 zoyambirira kkkk. Mzere uliwonse ukhale woti utha kuuikira kumbuyo.

nkhwazi_sec:
Ndingowonjezerapo chimodzi poti mwatchula take-home. Kodi akupatsani repo, foda ya code ya pa intaneti, yoti muchite clone (muikopere pa kompyuta yanu)? Ngati eya musathamangire npm install, lamulo lokopera ma package, chifukwa limatha kuyendetsanso ma scripts a mu pulojekitiyo. Pali akuba amene amanamizira kukhala ma recruiter pa LinkedIn, amakutumizira pulojekiti ya "mayeso" koma mkati muli malware yoba ma password a mu browser ndi ma crypto wallet. A Unit 42 a ku Palo Alto Networks analemba za gulu lotere mu 2023, anaitcha Contagious Interview, ndipo amasaka ma developer a JavaScript ngati inuyo. Tsegulani package.json muone ma scripts, makamaka preinstall ndi postinstall, yang'anani ngati muli fayilo ya mzere umodzi wautali wosawerengeka, ndipo ngati mungathe iyendetseni mu VM, kompyuta yoyerekeza yopatukana ndi mafayilo anu. Onaninso ngati imelo ya recruiter ikuthera ndi domain ya kampaniyo komanso ngati ntchitoyo ilipodi pa webusaiti yawo. Akangoti tumizani ndalama ya laputopu kapena ya training, thawani.

kachidutswa_js:
Zikomo kwambiri nonse. A nkhwazi_sec munandiopsa mpaka ndinadzuka kukayang'ana, mwamwayi sanatumize repo, ndi PDF chabe ya malangizo ndipo ntchito ilipo pa webusaiti yawo. Take-home ndamaliza m'maola 6, dark mode sindinaike a Gologolo kkk. Amayi, dzulo ndinamukhazika mlongo wanga amene sadziwa olo HTML kuti azindiyang'ana ndikufotokoza two sum, pakati pake anandidula nkufunsa kuti nanga nambala ikakhala 3 target 6, siidziphatikiza yokha? Ndinapeza kuti ndimaiponya mu Map ndisanayang'ane mnzake. Lero tibwerezanso ndi funso lina lotchedwa valid parentheses, wati ndimulipire.