Kodi Seethakka wa ku Mulugu ndi phungu wotani?

Nangozo: Abale, ndaona zithunzi za mayi wina wa ku India atasenza thumba pamutu m'nkhalango, akuti ndi phungu, dzina lawo Seethakka. Ndi zoona, kapena n'zongojambulitsa pofuna mavoti?

Mphunzitsi wopuma: Ndi zoona achemwali. Dzina lawo lenileni ndi Danasari Anasuya, phungu wa dera la Mulugu m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Telangana. Zithunzizo n'za mu 2020, boma litaletsa anthu kuyenda chifukwa cha Covid-19. Ankapereka mpunga ndi ndiwo zamasamba kumidzi ya m'nkhalango komwe galimoto safika, pena pa thirakitala, pena wapansi kuwoloka mitsinje. Iwowo ndi a mtundu wa Koya, ndiye anthuwo ndi akwawo ndithu.

Nangozo: Zikomo bambo. Nanga ndale anayamba bwanji?

Mphunzitsi wopuma: Apo m'pamene pamandikhudza. Ali mtsikana analowa gulu la zigawenga zachikomyunizimu zotchedwa Naxal, ananyamulapo mfuti. Mu 1997 anadzipereka kuboma, nabwerera kusukulu mpaka kukhala loya. Anapambana mu 2009 ndi chipani cha Telugu Desam, anagwa mu 2014, koma sanathawe dera lawo. Atalowa chipani cha Congress anapambananso mu 2018 ndi 2023, kenako anasankhidwa kukhala nduna yoona za chitukuko cha kumidzi m'boma la Telangana.

Mlongo wanu: Ine ndimawalemekeza kwambiri, komabe thumba la mpunga limatha. Popeza unduna anaupeza, ndikufuna ndimve ngati misewu ndi zipatala zafika kumidzi imene ankapita wapansi ija.